Bwampini wonunkhiza TB ndi galu wogwira nkhuku analowa sukulu imodzi

Funso: Ndinaona pa foni ya mwana wanga kanema wa bwampini atam'manga kachingwe, akuyenda uku akununkhiza pansi, ati akusaka mabomba. Wina anali m'bokosi lagalasi, ati akuyeza makhololo a anthu odwala TB. Ine bwampini ndimam'dziwa ngati mbava ya m'nkhokwe, ndipo kwathu kuno ena amadyera nsima. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi bodza la pa intaneti? Ngati n'zoona, amadziwa bwanji kuti awa ndi makhololo a wodwala, awa ayi? Ndafunsa chifukwa ndili ndi galu wogwira nkhuku. Ndam'menya kangapo konse, koma ndikangochoka pakhomo amayambiranso. Bwampini akutha kuphunzira, nanga galu akulephera bwanji? Ndine bambo wa ku Ntcheu.

Yankho: Bambo, zimene munaonazo si bodza. Abwampini amenewo amaphunzitsidwa ku Morogoro m'dziko la Tanzania, pamalo a Sokoine University of Agriculture, ndipo amawaphunzitsa ndi a bungwe la APOPO, limene Bart Weetjens wa ku Belgium anayambitsa mu 1997. Ndi bwampini yemweyu timam'dziwa kuno, wa matumba m'masaya ndi mchira woyera chakunsonga. Ku Mozambique, kumene nkhondo yomwe inatha mu 1992 inasiya mabomba okwirira m'minda ndi m'njira, abwampiniwa anagwira ntchito zaka zoposa 10, ndipo bungwe lawo linafika m'zigawo monga Gaza, Sofala, Manica ndi Tete, kufikira pamene dzikolo linalengeza mu Sepitembala 2015 kuti malo onse odziwika kuti anali ndi mabomba ayeretsedwa. Bwampini wina dzina lake Magawa anatumizidwa ku Cambodia, kumene anapeza mabomba okwirira 71 ndi zida zina 38 zimene zinali zisanaphulike, ndipo mu 2020 a bungwe losamalira nyama la PDSA ku Britain anam'veka mendulo yagolide. Mbava ya m'nkhokwe ija kuvala mendulo!

Koma pali pamodzi pamene sindikugwirizana nanu. Mwati galu wanu akulephera kuphunzira. Ine ndikuona kuti waphunzira, ndipo waphunzira msanga. Wazindikira kuti pakhomo pano pali nyengo ziwiri: bambo akakhalapo, kugwira nkhuku kumabweretsa ndodo, bambo akachoka, kugwira nkhuku kumabweretsa nyama. Nzeru imene akugwiritsa ntchito posiyanitsa nyengo ziwirizi ndi yomweyo imene bwampini amasiyanitsira makhololo. Kungoti bwampini anaphunzira zimene aphunzitsi ake ankafuna, pamene galu wanu waphunzira zimene inu simunafune kum'phunzitsa. Nkhani yonse yagona pamenepa. Nyama siphunzira zimene zili m'mutu mwa mphunzitsi. Imaphunzira kusiyana kulikonse kumene kukuilosera molondola kuti ikachita chakuti ipeza chiyani.

Anthu a sayansi anayamba kuziyeza zimenezi kalekale. Mu 1898 Edward Thorndike wa ku America ankatsekera amphaka anjala m'mabokosi amene chitseko chake chinkatseguka mphaka akakoka chingwe kapena akaponda kathabwa. Ulendo woyamba mphaka ankangolimbana ndi bokosi, kukanda apa, kuluma apo, mpaka mwangozi n'kuponda poyenera. Akam'bwezeramo kambirimbiri, zachabechabe zija zinkachepa, ndipo pomaliza ankangolowa n'kuponda kathabwa. Thorndike anati chochita chimene chatsatiridwa ndi zokoma chimabwerezedwa, chimene sichinapindule chimafota. M'zaka za m'ma 1930 B. F. Skinner anakonza bokosi lake la makoswe, kenako la nkhunda, ndipo ndiye anafalitsa dzina lakuti operant conditioning, kutanthauza kuphunzira kudzera m'zotsatira za zimene nyamayo yachita yokha. Skinner anaonjezapo chinthu chimene chikukhudza funso lanu. Anayatsa kagetsi m'bokosi, n'kukonza kuti khoswe akadina kachitsulo getsi likuyaka chakudya chigwe, akadina getsi litazima pasagwe kanthu. Posakhalitsa khoswe ankadina getsi likayaka, likazima n'kumangodzipesa ubweya. Zinthu zake ndi zitatu ndipo zimayenda motsatana: chizindikiro, chochita, chotsatira. Getsi silikakamiza khoswe kudina. Limangom'uza kuti msika watsegulidwa.

Zimenezi mumaziona tsiku lililonse, kungoti simuzitchula dzina. Mayi akayamba kupeta chimanga, nkhuku zimathamangira kumene kukumveka lichero, koma yemweyo akamakuntha mphasa sizitekeseka n'komwe. Galu amadzuka akamva njinga yamoto ya mwini wake ili kutali, pamene za akabaza zikudutsa tsiku lonse iye ali gone. Palibe anakhala pansi kuziphunzitsa. Lichero linakhala likutsatiridwa ndi madeya ndi timisere togwa pansi, mphasa ayi.

Tsopano tiyeni ku Morogoro. Mwana wa bwampini akangotha milungu ingapo amayamba kumunyamula, kumuyendetsa pagalimoto, kumuzoloweretsa phokoso ndi fungo la anthu, chifukwa nyama yamantha siphunzira kanthu. M'mera m'poyamba. Kenako amam'phunzitsa tanthauzo la kachipangizo kakang'ono kolira kuti "khe" akakadina. Kakalira, pomwepo amam'patsa nthochi yopotedwa ndi mapeyala. Khe, nthochi. Khe, nthochi. Apa bwampini sanayambe kugwira ntchito iliyonse, akungophunzira kuti kulira kuja ndi lonjezo la chakudya, monga agalu a Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia, ankachucha dovu akamva chizindikiro cha chakudya. Mungafunse kuti bwanji osangom'patsa nthochiyo basi. Chifukwa chake ndi nthawi. Mphotho ikachedwa ngakhale masekondi owerengeka, nyama imakhala itachita kale zinthu zina ziwiri kapena zitatu, yatembenuka, yadzikanda, yayang'ana kumwamba, ndipo sidziwa kuti yalipidwa chifukwa cha chiti. Dzanja la munthu silingafikitse nthochi pakamwa pa sekondi yeniyeniyo, koma "khe" amafika. Ali ngati kuloza ndi chala kuti ichi, chimene wachita pompano ichi.

Akadziwa zimenezo amam'patsa bowo limodzi lokhala ndi fungo lofunikalo pansi pake. Kwa wa mabomba ndi fungo la TNT, mankhwala ophulika aja, limene amaliika m'timipira tachitsulo tobooka tonga tosefera tiyi. Kwa wa TB ndi makhololo a munthu amene zadziwika kale kuti akudwala, atayamba awatenthetsa kuti tizilombo tife. Bwampini akalowetsa mphuno, khe. Kenako amafuna kuti aisiye mphunoyo m'bowomo kanthawi, mpaka pafupifupi masekondi atatu, asanamve khe.

Pofika apa mlendo akhoza kuombera m'manja kuti bwampini wadziwa TB. Sanadziwe. Chimene wadziwa n'chakuti kulowetsa mphuno m'bowo kumalipira. Sukulu yeniyeni imayamba tsiku limene amuikira mabowo atatu, limodzi la makhololo a wodwala, awiri a anthu opanda TB. Amaima pa bowo lolakwika, kudikira, zii. Amadikirabe, amakanda, nthawi zina amachita ngati wakwiya, ndipo zimenezi n'zodziwika: chinthu chimene chinkalipira chikasiya kulipira, nyama imayamba yachichita mwamphamvu isanachisiye, monga munthu amamenya wailesi imene yasiya kulira. Palibe amam'menya kapena kum'kalipira. Amangom'mana khe. Akasunthira pa bowo loyenera n'kuima, khe, nthochi. Akabwereza kambirimbiri, kuima pa mabowo olakwika kumafota, ndipo amayamba kungowanunkhiza n'kudutsa. Pomaliza amagwira ntchito m'bokosi lalitali la mabowo 10, ndipo amatha kununkhiza makhololo a anthu 100 m'mphindi zosakwana 20, ntchito imene munthu wa maikulosikopu ingam'tengere mpaka masiku anayi. Onse amene bwampini waimapo amawayezanso mu labotale asanadziwitse chipatala, choncho palibe amene amayamba kumwa mankhwala pongomvera bwampini. A APOPO amati m'zipatala zimene agwira nazo ntchito, ku Tanzania, ku Maputo ndi ku Addis Ababa, njirayi yakweza chiwerengero cha odwala opezeka ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse.

Ndikufuna ndiime pang'ono pa mabowo olakwika aja, chifukwa anthu ambiri amawaona ngati kutaya nthawi, chonsecho ndiwo mphunzitsi wamkulu. Mu 1960 Herbert Jenkins ndi Robert Harrison anachita kafukufuku amene ine ndimam'konda chifukwa cha kuphweka kwake. Gulu lina la nkhunda linkajompha kabatani n'kumalandira chakudya, kwinaku kaphokoso ka mahezi 1,000 (mahezi ndi muyeso wosiyanitsa liwu lopyapyala ndi la besi) kakulira osalekeza. Gulu lachiwiri linkalandira chakudya kaphokosoko kakamalira, kakasiya kulira kujompha sikunkapindula. Atayamba kusinthasintha kaphokoso kaja, kukakweza ndi kukatsitsa, nkhunda za gulu loyamba zinkajompha pafupifupi mofanana paliponse. Makutu zinali nawo, koma phokosolo silinkaziuza kanthu chifukwa linalipo nthawi zonse, ndiye sizinalisamale. Za gulu lachiwiri zinkajompha kwambiri pa 1,000, ndipo phokoso likamatalikira pamenepo kujompha kunkachepa. Patapita zaka ziwiri anayesanso, ulendo uno chizindikiro chosalipira chili phokoso la mahezi 950, loyandikana kwambiri ndi lolipiralo. Nkhunda zinafika posiyanitsa bwino lomwe maphokoso awiriwo. Ndiye kuti kuthwa kwa nyama posiyanitsa zinthu kumadalira zimene mwaiikira pambali kuti izikane. Bwampini amene sanakumanepo ndi makhololo a munthu wa chifuwa wamba, wosuta fodya kapena amene wangodya kumene anyezi, sangadziwe kuti zimenezo si TB. N'chifukwa chakenso wa mabomba amam'yendetsa m'munda wophunzirira ku Morogoro, mmene anakwiriramo mabomba enieni oposa 1,000 ochotsedwa mphamvu, kuti azolowere dothi, udzu ndi dzimbiri. Makina ofufuzira zitsulo amalira pa msomali uliwonse ndi chitini chilichonse, ndipo munthu amayenera kukumba ponsepo mosamala. Bwampini amadutsa msomali osaucheukira. Malo aakulu ngati bwalo la tenisi amawamaliza m'mphindi 30, pamene munthu wa makina akhoza kutherapo masiku anayi. Kulemera kwa bwampini, kilogalamu imodzi ndi kanthu, sikukwanira kuphulitsa bomba.

Pali chodabwitsa china chimene chinapezeka pa nkhunda. Mu 1956 Norman Guttman ndi Harry Kalish anaonetsa kuti nkhunda yophunzitsidwa kujompha kuwala kwa mtundu umodzi imajomphanso mitundu yoyandikana nawo, koma mocheperachepera mtunduwo ukamasiyana. Zimenezo n'zomveka. Koma mu 1959 Harley Hanson anaphunzitsa nkhunda kuti kuwala kwa mananomita 550 (muyeso wosiyanitsa mitundu ya kuwala), kobiriwira mopita kuchikasu, kumalipira, ndipo kwina kopitirirako pang'ono kuchikasu sikulipira. Poziyesa, nkhundazo sizinajomphe kwambiri pa 550 pamene zinkalipidwa. Zinajompha kwambiri cha pa 540, mtundu umene sizinalandirepo kanthu chiyambire. Zinathawa chosalipiracho mpaka kupitirira cholipira. Ine ndimachiona ngati mwana amene anagwapo m'ngalande ya kumanzere kwa msewu, ndiye m'malo moyenda pakati amayenda chakumanja kwenikweni. Ndipo kuphunzira sikuti kumafuna kulakwitsa kochuluka nthawi zonse. Mu 1963 Herbert Terrace anayamba n'kuonetsa nkhunda chizindikiro chosalipira mozilala ndi mwakanthawi kochepa kwambiri, n'kumachiwalitsa pang'onopang'ono, ndipo zinaphunzira kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira pafupifupi osalakwitsa. Kuyamba ndi zosiyana kwambiri n'kumaziyandikitsa pang'onopang'ono ndiyo njira yofulumira, ndipo tidzaigwiritsa ntchito pa galu wanu.

Tsopano msampha umene umakola aphunzitsi, ngakhale ophunzira kwambiri. Ku Berlin, cha m'ma 1904, kunali kavalo wotchuka dzina lake Hans, wa mkulu wina Wilhelm von Osten. Akam'funsa masamu ankayankha pogunda chiboda pansi, ndipo ankakhoza. Mwini wakeyo sanali wachinyengo, ankakhulupiriradi kuti kavalo wake amawerenga. Oskar Pfungst, amene anafalitsa zomwe anapeza mu 1907, anachita chinthu chophweka: nthawi zina wofunsayo azidziwa yankho, nthawi zina asadziwe. Wofunsa akadziwa, Hans ankakhoza pafupifupi 89 pa mafunso 100. Akapanda kudziwa, ankakhoza 6 okha. Kavaloyo ankawerenga nkhope, osati manambala. Kugunda kukafika pa nambala yoyenera wofunsa ankadzutsa mutu pang'ono kwambiri iye mwini osadziwa, ndipo Hans ankaleka pomwepo, n'kulandira kaloti wake. Musaganize kuti zinathera pa kavalo. Mu 2011 Lisa Lit ndi anzake ku University of California, Davis, anatenga agalu 18 onunkhiza mankhwala ozunguza bongo ndi zophulika, aliyense ndi womuyendetsa wake, n'kuwalowetsa m'zipinda zimene munalibiretu mankhwalawo kapena zophulika. Oyendetsawo anauzidwa kuti pamene pali pepala lofiira pabisidwa chinthu. Agaluwo analoza malo maulendo 225, onse olakwika, ndipo malo amene analozedwa kawirikawiri kuposa ena anali pa mapepala ofiira aja. Galu pepala alibe nalo ntchito, koma amaona pamene womuyendetsa wachedwa, pamene wapuma mosiyana. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo n'zoona, chifukwa chimakhalapo. Koma chifukwacho nthawi zina chimakhala munthu amene wagwira chingwe.

Ngakhale pasakhale munthu wolozera, nyama imasankha yokha choti igwire. Mu 1961 George Reynolds anaphunzitsa nkhunda ziwiri kujompha chithunzi cha ngodya zitatu choyera chokhala pa mtundu wofiira, n'kumasiya chozungulira chokhala pa mtundu wobiriwira. Zonse ziwiri zinakhoza. Atalekanitsa zigawozo anapeza kuti imodzi inkatsata kufiira kokha, inayo inkatsata ngodya zitatu zokha. Mayeso amodzi, malikisi ofanana, koma m'mitu muli zosiyana. Mu 2015 Richard Levenson ndi Edward Wasserman anaphunzitsa nkhunda kusiyanitsa zithunzi za pa maikulosikopu za khansa ya m'mawere ndi za zotupa zosaopsa. M'masiku 15 zinachoka pa kungolota n'kufika pafupifupi 85 pa 100, ndipo zinkakhozanso pa zithunzi zimene sizinaonepo. Ataphatikiza mayankho a nkhunda zinayi, kulondola kunafika pa 99. Koma atazipatsa zithunzi za ekisire zoonetsa zotupa, nkhundazo zinakhoza pa zithunzi zophunzirira n'kulephera pa zatsopano. Zinali zitangoloweza pamtima chithunzi chilichonse, ngati mwana wa sukulu amene waloweza mayankho a mayeso a chaka chatha. Apa mpamene mungaone chifukwa chimene ku Morogoro amasinthira makhololo tsiku ndi tsiku, ochokera kwa anthu ambirimbiri ndi zipatala zosiyanasiyana, ndiponso amasintha mabowo amene aikamo a odwala. Akapanda kutero bwampini adzaphunzira fungo la munthu mmodzi, kapena la botolo la chipatala chimodzi, kapena kungodziwa kuti bowo lachinayi ndiye lamwayi. Pa mayeso otsiriza a wa mabomba, omuyendetsa sauzidwa pamene pakwiriridwa bomba, ndipo bwampini amayenera kuwapeza onse.

Ndiye mwafunsa kuti amadziwa bwanji kuti ili ndi fungo la matenda. Kunena zoona, za matenda sadziwa kanthu. Tizilombo ta TB timatulutsa timafungo tingapo tosakanikirana, mphuno ya bwampini imatha kutimva, ndipo chimene chatsala m'maphunziro ake onse, anthu atasintha, zipatala zitasintha, mabowo atasintha, ndi kusakanikirana kumeneko. Mphunoyo anabadwa nayo, ndi nyama yoyenda usiku, ya maso ofooka, imene imakwirira chakudya n'kudzachipeza ndi fungo. Chimene anaphunzitsidwa n'chakuti mwa mafungo onse amene akuwamva, ili ndilo la nthochi.

Pali vuto lina limene anthu saliganizira. Kumunda weniweni wa mabomba bwampini akakanda pansi, womuyendetsa sadziwa ngati pali bomba kufikira akumbe. Akam'patsa nthochi chonsecho panalibe kanthu, wam'phunzitsa kunama. Akamam'mana nthawi zonse, ntchito ifota, ndipo ofufuza amene ankagwira ntchito ndi Alan Poling wa ku Western Michigan University anaona kuti kulondola kwa abwampini kumatsika akakhala masiku osalipidwa. Choncho amawapatsa mipata yokhazikika yopeza fungo lodziwika kale n'kulandira mphotho. Pa TB amasakaniza makhololo amene chipatala chapeza kale kuti ndi a odwala, ndipo khe amalira pa amenewo okha. Bwampini amazolowera kuti kukhoza sikulipira nthawi zonse koma kumalipira ndithu, ndipo chizolowezi chomangidwa motero n'chovuta kuchigwetsa kuposa cholipidwa ulendo uliwonse. Zimenezi zili ndi mbali yake yowawa kwa inu, bambo: galu amene amagwira nkhuku kamodzi pa maulendo asanu othamangitsa ali pa ndondomeko yomweyi.

Ndisakunamizeninso kuti mphotho imagonjetsa chilichonse. Keller ndi Marian Breland, ophunzira a Skinner amene ankaphunzitsa nyama zoonetsa pa zisudzo, anafotokoza mu 1961 za nkhumba zimene anaziphunzitsa kunyamula ndalama zamatabwa n'kukaziponya m'bokosi. Zinaphunzira bwino, koma patapita milungu zinayamba kugwetsa ndalamazo pansi n'kumazifukula ndi mphuno, ngakhale kuti kutero kunkachedwetsa chakudya. Chibadwa chinabwerera. Kuthamangitsa kanthu kothawa kakukupiza mapiko ndi chibadwa cha galu, ndipo kuthamangitsako pakokha kumam'sangalatsa asanalawe n'komwe nyama.

Tibwere pakhomo panu tsono. Ndodo ija isiyeni, osati chifukwa cha chisoni chokha koma chifukwa ikuphunzitsa zolakwika. Mukam'menya mutabwera kumunda n'kupeza nthenga pabwalo, padutsa maola, ndipo iye amalumikiza ndodoyo ndi kufika kwanu. Kupinda mchira ndi kugwetsa makutu kumene mumati wadziwa kulakwa kwake kuja, Alexandra Horowitz anakuyesa mu 2009 pa agalu 14, n'kupeza kuti agalu ankaonetsa nkhope imeneyo akakalipiridwa, kaya anabadi chakudya kaya sanabe. Mukam'menya mutam'gwira m'kanthu, amaphunzira zimene waphunzira kalezi, kuyang'ana kaye ngati mulipo.

Chitani monga a ku Morogoro. Sankhani liwu limodzi lalifupi loti likhale khe wanu, ngati "eya", ndipo kwa masiku awiri kapena atatu muzingonena eya n'kum'ponyera kausipa kamodzi, iye ali ndi njala pang'ono. Kenako m'mangeni chingwe, muime naye patali pamene nkhuku akuziona koma thupi silinaume. Akayang'ana nkhuku n'kucheukira kwa inu, eya, usipa, pasanathe sekondi. Akalimbana ndi chingwe ndiye kuti mwayandikira msanga, bwererani m'mbuyo osanena kanthu. Yambani ndi nkhuku zodekha zikudya, mudzafike pa zothamanga pambuyo pake, ndipo anapiye akhale omalizira chifukwa ndiwo mayeso ovuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ntchito imeneyi ndi ya milungu, mphindi zisanu kapena khumi pa ulendo. Ndipo kumbukirani za Hans ndi nkhunda zoloweza zija. Mukamachita nokha, pansi pa mtengo womwewo, madzulo okhaokha, thumba la usipa lili m'manja, adzaphunzira kuti nkhuku zimasiyidwa bambo akakhala pansi pa mango ndi thumba. Achite nawo mayi, achite nawo ana, m'mawa, masana, kuseri kwa nyumba, usipa uli m'thumba la malaya osaoneka. Akayamba kukhoza muzidumphitsa, eya ndi usipa ulendo uno, ulendo winawo kungom'sisita.

Chovuta kwambiri n'kufafaniza malire amene anawaika kale pakati pa bambo alipo ndi bambo palibe. M'mangeni chingwe chachitali chimene sichifika pa nkhuku, inu mulowe m'nyumba n'kumasuzumira pazenera. Nkhuku ikadutsa iye n'kuisiya, nenani eya muli m'katimo, n'kutuluka ndi usipa. Apa akuphunzira chinthu chatsopano, chakuti ngakhale pabwalo palibe munthu, kusiya nkhuku kumalipira. Pali agalu ena, makamaka amene adya nkhuku zambiri kwa nthawi yaitali, amene amatha kudekha inu mulipo koma osafika podalirika ali okha, ndipo wotereyu mankhwala ake ndi khola lolimba. Pakadali pano, tsiku lililonse limene mukupita kumunda, galu akhale pachingwe kapena nkhuku zikhale m'khola, chifukwa nkhuku imodzi yogwidwa inu kulibe ikhoza kugwetsa ntchito ya milungu itatu. Mudzam'masule pokhapokha mayeso a pazenera aja atakhoza kangapo motsatizana, m'mawa ndi madzulo omwe, anapiye ali pabwalo.